Muvi Wachiwiri wa Mayi Zipi

Mayi Zipi anasoka zovala zaka makumi atatu ndi zinayi pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, yokhala ndi mashopu pansi, maofesi pamwamba. Malo awo anali ochepa moti kasitomala wonenepa ankayezedwa mwendo umodzi uli panja. Munali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi mpando umodzi wa alendo umene nthawi zonse pankakhala mulu wa mathalauza odikira kupindidwa. Anthu akamakwera masitepe fumbi linkagwera pansalu, ndipo mayiwo ankadziwa aliyense wa m'mwamba ndi mapondedwe ake okha.

Za dzina lawolo anthu ankasiyana maganizo. Ena ankati palibe zipi imene inawakanika. Bambo Makiyi, amene ankadula makiyi pakhomo loyandikana nawo, ankati ilipo imodzi yomwe inawakanika kutseka, ya pakamwa pawo.

Anaphunzira kusoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chaka chimene mayi awo anamwalira n'kuwasiyira mng'ono wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, wamamina, woopa mdima. Anamulera okha. Yunifolomu iliyonse imene mwanayo anavala kusukulu inachokera m'manja mwawo, mpendero wake waukulu dala kuti azikula nayo.

Moyo wawo wonse anali ndi mawu amodzi: ndikangopeza chakuti, basi ndapuma. Ndikangokwatiwa ndapuma. Anakwatiwa ndi bambo wina wokonza mawailesi, woseka bwino, koma sanapume. Ndikangobereka ndapuma. Anabereka mwana wamkazi amene analira miyezi isanu ndi inayi. Ndikangopeza makina amagetsi ndapuma. Anawapeza, magetsi n'kuyamba kuzimazima. Paja mtima suvala nsanza, ndipo wa Mayi Zipi unkasintha zovala kuposa makasitomala awo.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, tsiku lina Lachiwiri, anabwerera kunyumba n'kupeza mwamuna wawo wachoka. Anachoka ndi sutikesi, ndi simbi yawo yabwino yositira, ndiponso ndi mng'ono wawo yemwe uja.

Kuyambira pamenepo aliyense wobweretsa chovala ankalandira nkhaniyi ngati basela. Ankaifotokoza mapini ali kukamwa, atagwada kumapazi a munthu, pamene munthuyo sangathawe. Inkayambira pa mamina a mwana uja n'kukathera pa simbi. Makasitomala akale ankadziwa poyankha kuti "aa, zoona?" ndi poti "anthu ndi oipa." Mwana wawo atakula anakapeza ntchito kutali, ndipo akaimba foni ankayamba ndi kunena kuti, "Amayi, ndili ndi mphindi ziwiri zokha."

Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Chaka chimenecho ofesi ya inshulansi ya m'mwamba inatsekedwa, ndipo pamasitepe panayamba kumveka mapazi achilendo, opepuka, osagwetsa fumbi. Mwini mapaziwo anatulukira m'mawa wina pakhomo pa Mayi Zipi. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wometa mpala, atafunda nsalu yofiirira, nsalu ina ngati yomweyo ili m'manja.

"Yakodwa pamsomali wa pamasitepe," anatero mlendoyo. "Mungaike chigamba?"

Mayi Zipi anayang'ana mutu uja n'kutsitsa mawu. "Pepani mayi. Mukulandira mankhwala chipatala chiti?"

"Sindikudwala. Ndimameta ndekha."

"Mwadala?"

"Mwadala."

Mlendoyo anafotokoza kuti anali namwino zaka zambiri, kenako anapita kunja kukaphunzira chiphunzitso cha Buda, ndipo tsopano amaphunzitsa m'chipinda cha m'mwamba Lachinayi lililonse masana. Pofika madzulo a tsikulo nyumba yonse inali ikuwatchula kuti Amayi a Mpala, ndipo eni akewo atamva anati dzinalo silikunama.

Mayi Zipi anachotsa mathalauza pampando, anakhazika mlendoyo, n'kuyamba chigamba. Anayambanso nkhani ija. Amayi a Mpala sananene kuti "aa, zoona?" ngakhale kamodzi. Anangomvetsera mpaka pa simbi, chinthu chimene palibe anachitapo ndi mtima wonse chiyambire.

"Zinakupwetekani kwambiri," anatero pamapeto. "Kodi bambowo anachoka kangati?"

"Kangati bwanji? Kamodzi. Munthu angachoke kawiri?"

"Nanga inuyo mwawachotsa kangati?"

Makina anaima. Mayi Zipi analuma ulusi ndi mano, anapinda nsaluyo, n'kuipereka osayang'ana mwini wake kumaso. Chigambacho chinali chowongoka, chifukwa mkwiyo wawo sunkafika pamsoko.

Mlendoyo atakwera masitepe, Mayi Zipi anatenga choko chodindira nsalu n'kuyamba kulemba patebulo. Bambo Makiyi anasuzumira.

"Masamu a chiyani amenewo, mayi?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuchulukitsa ndi masiku a pachaka. Akupitirira zikwi zisanu ndi chimodzi."

"Chotsanipo Malamulungu. Simutsegula."

"Lamulungu m'pamene ndimakhala ndi nthawi yokwanira," anatero Mayi Zipi. "Limenelo liwerengedwe kawiri."

Anakwiya milungu itatu. Lachinayi la mlungu wachinayi anakoloweka tepi m'khosi n'kukwera masitepe, atauza Bambo Makiyi kuti akukayeza mawindo, poti anthu amenewo alibe makatani. M'chipindamo munali makapeti, mapilo okhalira, kabelu kakang'ono, ndi kafano ka munthu wokhala pansi atapinda miyendo. Munalinso anthu asanu ndi anayi, mwa iwo dalaivala wa basi, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi mtsikana wa ku banki amene Mayi Zipi anamusokerapo siketi. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Amayi a Mpala ankaphunzitsa ngati akadali m'wodi. Anati Buda anaona moyo monga dokotala aonera wodwala, ndipo ananena zinthu zinayi: matenda, chimene chimawayambitsa, kuti amachizika, ndi kamwedwe ka mankhwala.

"Choyamba, moyo uli ndi mavuto. Kubadwa, kudwala, kukalamba, kufa. Kusiyana ndi amene timawakonda, kukhala ndi amene sitiwafuna, kusapeza chimene tikufuna."

"Ndakwerera zimenezi masitepe makumi awiri?" anafunsa Mayi Zipi. "Mukanangotsika n'kundifunsa."

"Mukanandiuza bwino kuposa mmene ndanenera," anavomera Amayi a Mpala. "Chachiwiri, mavutowo ali ndi gwero. Ndi ludzu. Kufuna kuti chokoma chisathe, kuti chowawa chichoke pompano, kuti zinthu zikhale mmene sizilili. Munthu amamwa madzi amchere, ludzu n'kumakulirakulira."

"Ndiye tisamafune kanthu? Ine ndisafune makasitomala?"

"Afuneni. Sokani bwino, idyani, valani. Koma mverani mumtima pamene pali mawu oti ndikangopeza chakuti, basi ndapuma."

Mayi Zipi anatembenukira kwa mtsikana wa ku banki kuti aone ngati ndiye anakaulula. Mtsikanayo anali atatsinzina.

Chachitatu, anatero Amayi a Mpala, ludzulo likazilala mavuto amazilala nalo, ndipo mtendere umene umatsala sudalira kuti lero kwacha bwanji. Chachinayi, ilipo njira yake, yoyenda tsiku ndi tsiku: kuona zinthu mmene zilili, kusamala pakamwa, kusapweteka ena, kudya za thukuta loyera, kuweta maganizo. Kenako anapereka fanizo. Munthu akalasidwa muvi amamva ululu, ndipo palibe wochenjera amene angauzembe. Koma ambiri timatola muvi wachiwiri n'kudzibaya tokha pabala lomwelo: chifukwa chiyani ine, akanapanda kutero, adzaona. Woyamba umachita kubwera. Wachiwiri timachita kusula tokha.

Ataliza kabelu, onse anakhala chete kumvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Mayi Zipi anawerenga mpweya woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi anakumbukira kuti ulusi wakuda watha. Pa wachisanu anali atafika kale pa Lachiwiri lija, ataima pakhomo, kiyi ali m'manja. Atatsegula maso bondo lamanzere linali litachita dzanzi, ndipo anadzutsidwa ndi dalaivala wa basi.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Amayi a Mpala.

"M'mutu mwanga muli msika."

"Unalimo kale. Lero mwangoima n'kuumva."

Mawindo aja sanayezedwe, motero Lachinayi lotsatira anayenera kukweranso. Zinatero mpaka Bambo Makiyi anasiya kufunsa za makatani.

Mankhwala oyamba amene anapatsidwa anali a pakamwa: mlungu umodzi osafotokozera aliyense nkhani ija. Nkhani ikafika pakhosi, angoizindikira kuti yafika, aone pamene yagwira m'thupi, aisiye. Anapirira Lachisanu lonse. Loweruka m'mawa kunabwera kasitomala watsopano, munthu amene anali asanaimvepo n'komwe, ndipo Mayi Zipi anagonja asanamalize kumuyeza mapewa. Mlungu wotsatira anafika Lolemba. Patapita miyezi itatu mayi wina wa masiku onse anaimirira mwakachetechete mpaka diresi yonse kuikidwa mapini, kenako anafunsa mwankhawa, "Kodi mayi, mukupeza bwino?"

Sikuti anasanduka munthu wina. Ankakalipirabe obweretsa thalauza losachapa. Ankadanabe ndi nsalu yoterera. Koma anaona kuti nkhani ija ikabwera imayamba ndi kutentha pachifuwa, ndipo akapanda kuisonkhezera imakhala pang'ono n'kupita yokha, ngati kasitomala amene wapeza pakhomo potseka. Mwana wawo akaimba foni, mphindi ziwiri zija zinayamba kufika khumi.

Mwanayo ndiye anaimba, patatha zaka ziwiri, kunena kuti bambo ake amwalira. Anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano apuma. Mayi Zipi anati, "Ndamva," n'kuika foni pansi. Tsiku limeneli analiyembekeza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankaganiza kuti likadzafika adzamva ngati wina wawatula mtolo. Anakhala pamakina kudikira kuti amve choncho. Anadikira mpaka nthawi ya chakudya chamasana. Chimene chinabwera chinali chikumbukiro cha mmene bamboyo ankasekera akalumikiza waya wailesi n'kuyamba kulankhula. Analira pang'ono, anapukuta maso ndi kansalu kotsala ka layining'i ya m'kati mwa chovala, n'kupitiriza kusoka. Kumaliro sanapite.

Patatha mwezi ndi theka, m'mawa wa mvula yowaza, pakhomo panaima mayi wowonda, wa imvi za m'mbali, atanyamula chikwama chachikulu. Mayi Zipi anayamba kunena kuti ntchito yachuluka, abwere mlungu wamawa. Kenako anaona mmene mayiyo anaimira, phazi lina litaponda linzake, ndipo anamuzindikira. Anali mng'ono wawo.

"Achemwali," anatero mng'onoyo. "Zovala zanga zonse zakula. Ndinapita kwa matelala awiri, andionongera. Ndinalibe kwina."

Mayi Zipi anali ndi mawu amene anawakonzera tsiku limeneli. Anawadula, kuwasoka, kuwaphwasula ndi kuwasokanso kwa zaka zonsezo, moti analibe ulusi wolendewera ndi umodzi womwe. Anawamva akukwera kuchokera pachifuwa, otentha, athunthu. Kuseri kwa khoma makina a Bambo Makiyi anali atazima, chizindikiro chakuti mwini wake watchera khutu.

Anapuma kamodzi. Anapuma kawiri. Pachitatu anachotsa tepi m'khosi.

"Lowa, ukunyowa. Kweza manja."

Anayeza mapewa, chifuwa, mikono. Pozunguliza tepi m'chiuno, manja awo anakumana msanga kuposa mmene ankayembekezera. Anayang'ana nambala, anayezanso. Chiunocho chinali chofanana ndi cha yunifolomu yomaliza imene anamusokera ali mtsikana wa kusekondale. Msana unali utapindika pang'ono, ndipo zikhatho zinali zokhakhala ngati za munthu amene wachapa zofunda tsiku lililonse kwa zaka zitatu.

"Achemwali, ine ndimafuna ndinene kuti..."

"Usalankhule, tepi ikusuntha."

Anagwada kuyeza kutalika kwa siketi. Ali pansi pomwepo, osadzutsa mutu, anati, "Unandipweteka, iwe. Ndinakulera ine."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Sukudziwa. Koma basi, ndanena." Analemba nambala papepala. "Ukudya?"

"Chakudya sichikulowa."

"Ukachikankhe. Sindingabweze madiresi asanu ndi awiri kuti mwezi wamawa udzabwerenso akule. Simbi ija ilipo?"

"Inapsa chaka chomwecho."

"Sumadziwa kusita," anatero Mayi Zipi. "Ubwere Lachitatu."

Madiresiwo anawasoka okha, imodziimodzi. Pa yachitatu anaganiza zothinitsa m'khwapa pang'ono, pongokwanira kuti munthu azikumbukira akakweza mkono. Anaika pini pamalopo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaizula. M'mbali mwa diresi iliyonse anasiyamo nsalu yokwanira kudzafutukula mwini wake akadzabwerera m'thupi.

Lachinayi anakwera masitepe anthu ena asanafike. Anapeza Amayi a Mpala akusesa.

"Sindinamukhululukire," anatero Mayi Zipi.

"Sindinafunse."

"Ndikungonena, mungamve kwina. Nanga mtendere mumanena uja uli kuti? Zaka ziwiri ndikuthyola mawondo muno."

"Panopa mukumva bwanji?"

Mayi Zipi anaganiza. "Ngati ndavula nsapato yothina."

"Anthu ambiri amafa atavala. Koma musachigwire mwamphamvu chimenechonso. Mawa mukhoza kudzuka mutakwiya."

"Ndiye phindu lake n'chiyani?"

"Mukadzuka mutakwiya mudziwa kuti nazonso zipita. Gwirani uko, tisunthe kapeti."

Mawa lake anadzukadi atakwiya, ndipo mkwiyowo unatha asanamalize kumwa tiyi.

Mng'ono uja anabwera Lachitatu kudzatenga madiresi. Anabweranso mlungu wotsatira ndi batani lothothoka limene akanatha kusoka yekha. Nthawi imeneyo maso a Mayi Zipi anali atayamba kuchita chifunga, ndipo kulowetsa ulusi pasingano kunkawatengera nthawi yaitali kuposa msoko wake. Mng'onoyo anaona, analanda singanoyo n'kulowetsa ulusi. Kuyambira pamenepo mathalauza anasamutsidwira pansi pa tebulo, mpando wa alendo n'kukhala wake. Ankakangana tsiku lililonse, za sizasi, za chitseko, za amene waiwala kuthimitsa magetsi. Za bambo uja analankhulapo kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri anapezeka akuseka onse, atakumbutsana mmene ankajonera.

Makasitomala ena sanakondwe nazo. Mayi wina ananena poyera kuti iye sangakhale mpando umodzi ndi munthu wotero. Mayi Zipi anamuyankha kuti mpando ndi umodzi womwewo, ndipo palibe amene wamupempha kukhalapo.

Amayi a Mpala anaphunzitsa zaka zina zinayi. Kenako mapapo anayamba kuvuta, masitepe anawakanika, ndipo achibale awo anadzawatenga. Mayi Zipi anapita kukawaona kuchipatala, atanyamula kachipewa kofewa kamene anasoka okha, poti mutu wopanda tsitsi umazizidwa. Anawapeza atachepa ngati mwana pabedi lalikulu.

"Mukumva kuwawa?"

"Kwambiri," anatero Amayi a Mpala. "Anamwino a masiku ano sadziwa kupeza mtsempha."

"Simukuopa?"

"Mantha amabwera. Ndimawapatsa pokhala, amakhalako pang'ono, amapita. Chipewachi chathina."

"Sichinathine. Mutu wanu ndi umene uli ndi ngodya."

Anamwalira patatha masiku khumi ndi awiri. Mayi Zipi anatseka shopu masiku atatu, koyamba chiyambire ntchito, ndipo analira mokweza, mosabisa.

Gulu la Lachinayi silinathe. Mphunzitsi wopuma ntchito uja amawerenga ndime pang'ono, kenako onse amakhala chete mphindi makumi atatu. Panafunika munthu woyang'ana wotchi ndi kuliza kabelu, ndipo anasankha Mayi Zipi, poti ndi okhawo amene saopa kudula munthu pakati. Chibuda sanalowe, ndipo akafunsidwa amati iwo ndi telala. Amakhala kutsogolo tsopano, wotchi ili pabondo, nkhope itauma ngati woyang'anira mayeso. Masiku amene bondo lamanzere lavuta amafulumira kuliza kabelu kutatsala mphindi zisanu. Onse amakhala atatsinzina, ndipo mpaka lero palibe amene anadandaulapo.